Chitsulo cha Kefiyu

Lufeyo, Edina ndi Tamala, ana anga, pamodzi ndi adzukulu anga nonse. Ndamva zambiri za mmene ndinachokera pa esiteti. Ena amati ndinaba fodya. Ena amati anandipeza nditaledzera. Mowa sindinaulawepo, ndipo tsamba la mwini sindinatolepo. Ndinakhala chete chifukwa sindinkaona chifukwa chodziyeretsera pamaso pa anthu. Tsopano amayi anu anatisiya, ndipo wodziwa nkhaniyi ndatsala ndekha. Ndilemba kamodzi. Muwerenge, musadzandifunsenso.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndinachoka kwathu ku Kaomba wapansi kukafuna ntchito pa esiteti ina ya fodya cha ku Mtunthama. Dzina lake sinditchula, eni ake anasintha kalekale. Ndinayamba ndi kuthirira nazale. Kenako anandiika kosankha fodya, chifukwa maso anga ankasiyanitsa tsamba msanga ndipo sindinkacheza pantchito. Pasanathe zaka zambiri ndinakhala kapitawo, woyang'anira matenanti onse a mbali ya kudambo. Anandipatsa nyumba yamalata, njinga ndi yunifolomu ya kaki. Amayi anu ndinawatenga ndili m'nyumba imeneyo, ndipo Lufeyo ndi Edina munabadwira momwemo.

Adzukulu amene mwakulira m'tauni simudziwa tenanti. Anali mabanja ochokera ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo. Ankabwera pa lole mvula isanagwe, ndi mphasa, miphika ndi ana. Bwana ankawapatsa munda, mbewu, feteleza ndi chimanga cha phoso, iwo n'kulima fodya wa bale. Chawo chenicheni ankachiona fodya akagulidwa. Chaka chonse cha munthu chinkakhala chopachikidwa pa mikangala m'chigafa chaudzu, ndipo nyumba yake, yaudzunso, inkakhala pafupi pomwepo kuti aziteteza kwa akuba. Kusowa kunali kwa chaka ndi chaka. Chaka china feteleza anafika fodya atachita kale chikasu. Chaka china phoso linachedwa, anthu n'kumadya maungu osakhwima. Parafini sankapezeka, choncho nyale ya tenanti inali moto basi.

Bwana wathu anali mzungu wamtali, wouma ngati mkangala. Anthu ankamutcha Kamphepo chifukwa ankangotulukira osamveka. Sanali munthu woipa. Sankamenya, sankaba pa sikelo, ndipo Chichewa ankayankhula bwino, ngakhale chopanda ulemu. Aliyense kwa iye anali "iwe".

Chaka changa choyamba cha ukapitawo, m'mwezi wa Meyi, moto wina unasiyidwa panja osazima. Mwera unauluza mbaliwali n'kuiponya pa denga la chigafa. Fodya wouma sapatsa munthu mpata wotunga madzi. Mzere wonse wa zigafa unapsa ife tikuona. Palibe anafa, koma m'mawa mwake ndinapeza bambo wina wamkulu atakhala m'phulusa, akufukula ndi zala ngati wataya singano. Mabanja amenewo anabwerera kwawo chimanjamanja. Fungo la fodya wopsa linakhala m'malaya anga mpaka ndinawataya. Mukumbukire zimenezi powerenga zotsatirazi. Moto ndimaudziwa.

Mawu aja

Sabata yomweyo Kamphepo anandiitana pakhonde la ofesi. Anali atapachikitsa chitsulo chakale cha pulawo pa mtengo wa msuku.

"Mwale," anatero, "kuyambira lero pano pali kefiyu. Fodya akakhala m'zigafa, dzuwa likalowa mdima n'kugwirana, umenye chitsulo ichi. Chikalira, moto wonse uzime, aliyense m'nyumba. Tenanti wopezeka ndi moto achoka tsiku lomwelo, fodya wake atsala."

Ine sindikonda kugwiritsa ntchito mawu amene sindikudziwa kwawo. Ndinafunsa. "Bwana, kefiyu n'chiyani? Ndi dzina la chitsulochi?"

Anaseka, kamodzi kokha m'zaka zonse zimene ndinamudziwa. Anati mawuwo ndi achingerezi, koma Angerezi nawonso anachita kubwereka kwa Afalansa. M'chinenero cha kumeneko, kalekale, ankatanthauza kuti vundikira moto. Anati m'midzi ndi m'matauni akwawo nyumba zinali zamitengo ndi udzu, zothithikana, moto ukabuka nyumba imodzi tauni yonse inkatha. Ndiye madzulo belu linkalira, aliyense n'kukwirira moto wake ndi phulusa, n'kukagona. Patapita nthawi nyumba zinasintha, belu linaleka, koma mawu anatsala. Tsopano amangotanthauza lamulo lakuti ikakwana nthawi yakuti usiku, munthu asapezeke panja. Asilikali amalamula kefiyu nthawi ya chipolowe. Kholo limaikira mwana kefiyu kuti asabwere usiku.

"Kwanu kunali nyumba zaudzu?" ndinafunsa.

"Zaudzu, Mwale. Ndi nsikidzi zomwe."

Ndinaganiza za zimenezi masiku ambiri. Amayi anga ondibala ankachita zomwezo madzulo alionse: kukankhira makala pamodzi, kuthira phulusa pamwamba, m'mawa kufukula n'kuuzira. Sankadziwa kuti ntchito imeneyo ili ndi dzina kutsidya kwa nyanja. Koma kefiyu ya pa esiteti sinali ya phulusa. Kamphepo ankafuna madzi. Makala okwiriridwa sankawakhulupirira, ndipo inenso, nditaona zigafa zija, sindinkawakhulupirira.

Mawuwo anakhazikika msanga. Amayi ankakalipira ana kuti, "Idyani msanga, kefiyu yayandikira." Mwamuna wochedwa kumowa ankati wagwidwa ndi kefiyu. Mtsikana akakana mnyamata, anzake ankamuseka kuti amuimbira kefiyu. Ine ndinkamenya chitsulo, kenako n'kuyenda nyumba ndi nyumba nditanyamula ndowa. Ndikapeza moto sindinkayankhula, ndinkangothira. Ndinathirapo pa mbatata zosapsa. Ndinathirapo pa moto wa nkhalamba yodwala nyamakazi m'mwezi wa Juni. Anthu anasiya kunditcha a Mwale, ndinakhala a Kefiyu. Sindinkadandaula. Zaka zonse zimene ndinagwira ndowa ija palibe chigafa chinapsa, ndipo mpaka lero ndimanyadira.

Pakati pa zaka za m'ma 1980

Mwa matenanti anga munali a Makwinja a ku Phalombe, munthu wamfupi, wosayankhulayankhula, wolima bwino kuposa onse. Anabwera ndi akazi awo, mayi Esinati, ndi ana ang'onoang'ono. Mayi Esinati ndi amayi anu anadziwana kuchitsime, n'kukhala pa chinzake. Ankasinthana mchere ndi nandolo. Ine sindinkafuna kuti mkazi wa kapitawo azizolowerana ndi matenanti, koma amayi anu mukuwadziwa. Ankamva mawu anga onse, n'kusankhapo owayenera.

Chaka chimenecho fodya anachita bwino. Pofika Meyi zigafa zinali zodzaza, masamba ouma gwaa, tikuyamba kusankha ndi kudinda mabelo. Mayi Esinati anali oyembekezera. Matenda anawayamba m'mawa, thirakitala inali itapita kukasiya mabelo, ndipo ngolo imene tinabwereka kuti iwatengere kuchipatala inawabweza panjira. Anamwalira dzuwa likupendeka, mwana ali m'mimba.

Maliro a tenanti ndi ovuta. Kwawo ndi kutali, galimoto yonyamula mtembo palibe amene akanaikwanitsa. Tinatuma anthu kumudzi woyandikana nawo kukapempha malo kumanda, ndipo eni manda anavomera kuti tiike mawa lake. Choncho mtembo unayenera kugona m'nyumba ya a Makwinja usiku umodzi. Mukudziwa mwambo wake. Amayi amakhala m'nyumba ndi malemu, abambo panja pamoto, kuimba ndi kuchezera mpaka kucha. Pasiwa popanda moto si pasiwa. Anthu sangakhale panja m'chisanu cha Meyi mumdima, amabalalika, ndipo namfedwa amatsala yekha ndi mtembo ngati wafa ndi galu. Koma nyumba ya a Makwinja inali moyang'anana ndi zigafa, ndipo mwera unali utayamba.

Ndinapita kwa Kamphepo. Ndinamupeza akuona mabelo m'shedi.

"Bwana, kuli maliro kwa Makwinja. Ndikupempha kuti lero lokha kefiyu isakhaleko."

"Ndamva. Pepa. Matabwa a bokosi katenge ku sitolo, ndi nsalu yomwe. Mawa anthu asagwire ntchito." Anaima pang'ono. "Moto ayi."

"Bwana, anthu sachezera mumdima."

"Ndikupatsa tochi yanga."

"Tochi saotha, bwana."

"Mwale, unalipo chaka chija. Unaona. M'zigafa zimenezo muli chakudya cha mabanja onse aja, osati cha Makwinja yekha. Ndikalola lero, mawa wina adzati mwana wadwala. Amene akoleze moto achoka. Wamva?"

Ndinamva. Ndipo mawu ake anali oona. Ichi ndicho chimene anthu samvetsa akamafotokoza nkhani zotere, amafuna kuti bwana akhale chilombo. Sanali chilombo. Ankanena zimene ine ndemwe ndikananena.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi anu akumanga chitenje, akupita kusiwa. Lufeyo ndi Edina, anakusiyani inu kwa mkazi wa kalaliki.

"Akuti bwanji?" anafunsa.

"Akana."

"Ndiye mukamenya chitsulo?"

"Ndi ntchito yanga."

"Kamenyeni. Ine ndikakhala ndi Esinati mumdimamo. Mukabwera ndi ndowa yanu mundipeza pomwepo." Anafika pakhomo n'kutembenuka. "Abambo a Lufeyo, tsiku lina mudzagona ndinu pamphasa, kapena ine. Muganize amene adzakhale panja."

Mdima utagwirana ndinamenya chitsulo monga masiku onse. Ndinayenda ndi ndowa mzere wonse, moto unali utazima kale paliponse. Nditafika kwa a Makwinja ndinapeza abambo ataima m'magulu, manja m'khwapa. Nkhuni zinali zitaunjikidwa pabwalo, koma palibe anayerekeza kuzigwira. M'nyumba amayi ankalira motsitsa. Ena mwa abambo anali atayamba kale kuzemba. A Makwinja anakhala pa mtondo wogwetsa, bokosi la machesi lili m'manja. Atandiona anaimirira.

"Akapitawo," anatero, "ine ndikoleza. Fodyayo mutenge. Mkazi wanga sagona mumdima kudziko la eni."

Ndinadziwa kuti achitadi. Ndinadziwanso chotsatira chake: mawa kuika mkazi, mkuja kukwera lole ndi ana opanda mayi, thukuta la chaka chonse litatsala m'chigafa. Ndikanathanso kuwalanda machesiwo, n'kuimirira pomwepo ndi ndowa mpaka kucha. Mphamvu imeneyo ndinali nayo, ndipo palibe akanandiletsa.

"Patseni machesiwo," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapereka, poganiza kuti ndawalanda. Wina kumbuyo anatukwana chapansipansi, ndinamumva.

Ndinaitanitsa makasu. Tinakumba dzenje kuseri kwa nyumba, mbali imene mphepo inkalowera kudambo osati kuzigafa. Tinazula malata akale a khola la mbuzi zanga n'kutchinga mwera. Ndinalamula kuti ndowa zonse za pamzerewo zidzazidwe madzi, ziikidwe pakati pa nyumba ndi zigafa. Zonse zitatha ndinavula chipewa, ndinagwada m'mphepete mwa dzenje, n'kukhwatcha machesi ndi dzanja langa.

"Nonse mwaona," ndinatero. "Wakoleza moto uno ndi Mwale. Wina akadzanena dzina lina, ndi wabodza."

Amene anazemba anabwerera. Nyimbo zinayamba, zina za kwawo zimene sindinkazidziwa. Ine sindinaimbe ndipo sindinaothe. Ndinaima chakuzigafa, maso ali pa mbaliwali iliyonse, mpaka kunayera. Palibe chinapsa. Musaganize kuti ndi nzeru zanga zokha. Mphepo ikanatembenuka, lero ndikanakhala ndikulemba nkhani ina, ndipo Kamphepo akanakhala wolondola pamaso pa onse.

Tinaika maliro masana. Madzulo ake Kamphepo anabwera osamveka monga mwa chizolowezi chake, n'kuima pa dzenje lija. Anapondapo phulusa ndi nsapato.

"Ndani?"

"Ine, bwana."

"Usaphimbe munthu, Mwale. Makwinja wakoleza, iwe unalephera kumuletsa. Nena choncho, nkhani ithe. Ndikudula malipiro basi."

"Sizinatero. Machesi anali m'manja mwanga. Funsani aliyense."

Ndinaona kuti akundipatsa khomo loti nditulukire, ndipo ankafunitsitsa nditulukire pomwepo. Anafunsanso kachiwiri. Ndinayankha zomwezo.

"Kapitawo wothyola lamulo limene amasunga yekha, ndimusunga bwanji? Mawa ukathira madzi pamoto wa munthu, akuyankha chiyani?"

"Palibe chimene mungachite, bwana. Ndikudziwa."

Anandipatsa mpaka kutha kwa mwezi. Ndinabweza njinga, yunifolomu ndi ndowa. Pondilembera kalata yotsanzikira sanalembemo choipa chilichonse, koma nkhani imayenda msanga kuposa kalata. Mameneja a maesiteti onse ozungulira ankadziwana.

Zaka zotsatira

Ukapitawo sindinaupezenso. Tinasamukira ku Santhe, komwe ndinkasankha fodya pa kaesiteti ka munthu wakuda, ntchito yomwe ndinali nditaisiya ndili mnyamata. Nyumba inali yaudzu, yodontha. Tamala unabadwira mmenemo. Edina, sukulu yako inaima chifukwa cha zimenezi, ndipo pamene unasankhidwa kupita ku sekondale ndinalephera kukulipirira. Unandifunsa tsiku lina, uli kale pabanja, kuti, "Bambo, munalakwa chiyani kuti tizivutika chonchi?" Ndinakuuza kuti si nkhani ya ana. Yankho lako ndi ili. Uweruze wekha. Kupepesa sindipepesa, koma ndikudziwa kuti mtengo wa moto uja unalipira ndiwe kuposa ine.

A Makwinja anagulitsa fodya wawo, n'kukwera lole ndi ana awo. Sanabwere kudzatsanzika, ndipo sindinamvenso za iwo. Sindiwaimba mlandu. Munthu amene wasiya mkazi m'manda achilendo sakhala ndi mawu otsala.

Amayi anu sananenepo kuti ndinachita bwino, sananenenso kuti ndinalakwa. Tsiku limene tinkakweza katundu pangolo anangoti, "Mphika waukulu muugwire, ungasweke." Koma kuyambira pamenepo anasiya kunditcha a Kefiyu akakwiya. Ndinamaliza zaka zanga za ntchito ngati mlonda wa golosale ku Mtunthama, mpaka mawondo anakana, n'kubwerera kuno ku Kaomba.

Chaka cha mliri

Mawu aja akuti kefiyu ndinali nditawaiwala. Ndinadzawamvanso pa wailesi nthawi ya korona, akulengeza kuti usiku anthu asapezeke panja, ndipo pamaliro pasamadzaze anthu. Adzukulu ankawatchula ngati chinthu chatsopano chobwera ndi matendawo. Ndinangowayang'ana.

Amayi anu anamwalira m'dzinja la chaka chomwecho. Sanali matenda a mliriwo, anali shuga wawo wakale, koma anthu ankaopa maliro alionse. Amene anabwera anakhala motalikirana, nsalu kukamwa. A mpingo anaimba nyimbo zochepa n'kupepesa. Mdima usanagwirane bwalo linayamba kuyera. Mkazi amene anachezera pamaliro a mudzi wonse uno, ndi a alendo omwe, anatsala m'nyumba ndi ana ake aakazi awiri ndi mng'ono wake.

Anyamata anali atakoleza moto pansi pa mtengo wa mango, nkhuni zake zonyowa, utsi wokhawokha. Ndinakoka mpando n'kukhala pomwepo. Lufeyo, iwe unafika kuchokera ku Lilongwe madzulo amenewo. Unatuluka m'nyumba utanyamula ndowa.

"Bambo, tiyeni mkati. Kuli kefiyu. Akaona moto aziti tasonkhana, tivutika ndi apolisi."

Sunkadziwa chimene unkanena, ndiponso kwa yani. Unaima mmene ndinkaimira ine, ndowa kudzanja lamanja, nkhope ya munthu amene akudziwa kuti akulondola. Ndipo unkalondola.

"Ika pansi ndowayo," ndinatero.

"Bambo, ndi lamulo."

"Lamulolo ndikulidziwa kuposa iwe. Lowa m'nyumba. Ine ndili pabwalo panga, ndili ndekha, sindinasonkhane ndi munthu."

Unaima pang'ono, kenako unalowa. Unaganiza kuti ndi ukalamba, kapena chisoni chasokoneza mutu. Sindinakufotokozere.

Ndinakhala panja mpaka mvula inayamba kuwaza. Nditaona kuti malawi sapirira, ndinakankhira makala pamodzi, ndinathira phulusa pamwamba, n'kuvundikira ndi beseni lakale la amayi anu. Ndinasamukira pakhonde, pafupi ndi zenera la chipinda chimene anagonekedwa, kuti adziwe kuti panja pali munthu.

M'mawa, adzukulu okumba manda asanafike, ndinachotsa beseni n'kufukula. Makala anali amoyo. Ndinauzira, ndinaika tinkhuni, ndipo madzi osambitsa amayi anu anatenthetsedwa pamoto umenewo.

Langa tsiku silili kutali. Bokosi mugule lotchipa, nyimbo musankhe zimene mukufuna. Koma kaya kudzakhale lamulo lotani, kaya kudzabwere anthu kapena ayi, mmodzi wa inu adzakhale panja. Ndowa mudzaisiye m'nyumba.